Adadziwa bwanji kuti ndi namgumi yemweyo?

Chakumapeto kwa chaka cha 2024 kudamveka nkhani imene idazungulira kwambiri pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Ati namgumi wina wamwamuna, amene adajambulidwa kugombe la dziko la Colombia m'chaka cha 2013 n'kujambulidwanso chakomweko mu 2017, adakapezeka mu Ogasiti 2022 akusambira kufupi ndi Fumba, ku Zanzibar. Ukayeza molunjika pa mapu, pakati pa malo awiriwa pali makilomita 13,046, ndiye kuti maulendo oposa 30 a basi ya Mzuzu kupita ku Lilongwe. Ndipo poti namgumi sangadule njira pamtunda, ulendo weniweniwo udali wautali kuposa pamenepa.

Nditawawerengera nkhaniyi alamu anga, amene amapikula usipa ku Nkhata Bay n'kumagulitsa mumsika waukulu muno mu Mzuzu, adandiyang'ana ngati ndalawa. "Alamu, inu munapita kusukulu, musamapusitsidwe ndi za pafoni. Nsomba ili ndi nambala puleti? Adadziwa bwanji kuti ndi yomweyo?"

Ndidaseka, koma yankho lokwanira ndidalibe. Komatu funso lawo silithera pa namgumi mmodziyu. Tikamva pa wailesi kuti anamgumi a mtundu wakuti atsala 370, kapena kuti akutiakuti achuluka kufika 25,000, adawerenga ndani, ataima pati, nyamazo zili pansi pa madzi? M'nyanja yathu mulibe namgumi ngakhale mmodzi, inde, koma sitima zobweretsa mafuta, feteleza ndi magalimoto athu pa madoko a Dar es Salaam, Nacala ndi Beira zimadutsa m'njira za nyama zimenezi, ndipo nambala zoterezi n'zimene maiko amatengerana nazo kukhothi.

Poyamba, namgumi si nsomba

Ambirife tidakula tikumva za chinsomba chimene chidameza Yona, ndiye tikaona chithunzi cha namgumi maganizo amathamangira komweko. Koma namgumi ali ndi mapapo, magazi ake ndi ofunda, amabereka mwana wamoyo n'kumuyamwitsa. Mphuno yake ili pamwamba pa mutu, ndipo chiutsi chimene timaona pa zithunzi chija ndi mpweya umene akutulutsa akavuuka. Mchira wa chambo ndi woima ndipo umapita uku ndi uku. Wa namgumi ndi wogona, umakwera ndi kutsika.

Pa nyama zonse zimene zilipo lero, mbale wake wapafupi ndi mvuu. Makolo a anamgumi ankayenda pamtunda ndi miyendo inayi zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo, ndipo mafupa awo adapezeka ku Pakistan ndi ku India. Amene adafikako ku Vwaza n'kuyesa kuwerenga mvuu pa nyanja ya Kazuni akulidziwa kale vuto lonse la nkhani ino. Uwerenga mitu 12, iwiri yamira, itatu yavuukira kwina, ndiye sukudziwa ngati ndi yatsopano kapena ndi yomwe ija. Chonsecho mvuu imamira mphindi zisanu zokha, m'dziwe loti malire ake ukuwaona ndi maso. Namgumi amasambira m'nyanja yopanda tsidya looneka, ndipo pali wina wa mtundu wa Cuvier amene adalembedwa kuti adamira mamita 2,992, kuzama kuposa kanayi malo ozama kwambiri a nyanja ya Malawi.

Banja lonseli, kuphatikizapo ma dolphin, lili ndi mitundu pafupifupi 90. Ena ali ndi mano. Ena alibe, m'malo mwake ali ndi zosefera m'kamwa zopangidwa ndi zinthu zofanana ndi zikhadabo zathu. Amamwa chimadzi chambiri n'kuchisefa, kutsala tizilombo tating'ono totchedwa krill. Wamkulu pa onse, wotchedwa blue, amafika mamita 30, kupitirira theka la sitima ya Ilala.

Amadzatani kugombe?

Namgumi wa ku Zanzibar uja ndi wa linunda, amene m'mabuku amatchedwa humpback. Kuyambira Disembala mpaka Marichi, kuno tikulimbana ndi mvula, anamgumi a linunda amakhala ku Antarctica akudya krill usana ndi usiku. Ikafika Juni ndi Julayi, nthawi imene Mzuzu amadzuka ali m'chifunga aliyense atavala juzi, iwo amakhala ali pa ulendo wolowera kumpoto, kutsata gombe la KwaZulu-Natal mpaka ku Mozambique, Madagascar, Tanzania ndi Kenya. Kumeneko amakaswana ndi kubereka m'madzi ofunda, osaya, ndipo kwa miyezi yonseyo sadya kwenikweni.

Zili ngati mayi woyembekezera amene amanyamuka kumudzi ndi kamba wake kukakhala kuchidikiro. Kamba wa namgumi ndi mafuta a pansi pa khungu. Akapita wowonda, mkaka umachepa.

Kwa ofufuza, ulendo umenewu ndi mwayi, chifukwa nyama zimene zidamwazikana m'nyanja yaikulu zimafinyikira m'kanjira kamodzi kufupi ndi mtunda. Asayansi adagawa anamgumi a linunda a kum'mwera kwa dziko lapansi m'magulu asanu ndi awiri, kuyambira A mpaka G, potengera kumene amakaswanira. A kum'mawa kwa Africa kuno ndi gulu C, a ku Colombia ndi gulu G. Kawirikawiri namgumi amabwerera kumene amayi ake adamuberekera. N'chifukwa chake wa G kupezeka pakati pa a C idali nkhani.

Kalembera woyamba adali wa alenje

Zambiri zoyambirira zimene sayansi idadziwa za anamgumi zidachokera pamalo owaphera. Pakati pa 1900 ndi 1999 anthu adapha anamgumi pafupifupi 2.9 miliyoni, ochuluka a iwo kum'mwera kuno, pofuna mafuta opangira majarini, sopo ndi zina. Ku Durban kudali malo owasendera kuyambira 1908 mpaka 1975. Nyama ikakokeredwa pamtunda ankaiyeza kutalika, n'kuona ngati idali ndi bere ndi zimene idadya.

M'zaka za m'ma 1930 ofufuza a ku Britain a pulogalamu ya Discovery adayamba kuwombera tizitsulo tokhala ndi nambala m'matupi a anamgumi amoyo. Kachitsuloko kankapezeka mwiniwake akaphedwa, mwina patapita zaka, ndipo wokapeza ankakatumiza ku London n'kulandira mphotho. Ndiye nambala puleti ya alamu anga idaliko ndithu, kungoti kuti uiwerenge namgumiyo ankayenera kufa kaye.

M'chaka cha 1946 maiko adasainirana pangano ku Washington limene lidakhazikitsa bungwe la International Whaling Commission, mwachidule IWC. Pofuna kudziwa ngati anamgumi akuchepa, bungweli linkadalira malipoti a alenje omwewo: mwapha angati, m'masiku angati. Ndi momwe asodzi a chilimira amadziwira kuti usipa wachepa, nyali zayaka usiku wonse koma ndowa zodzadza n'zowerengeka. Njira imeneyi imayenda pokhapokha wopereka lipoti akunena zoona. Mu 1993 wasayansi wa ku Russia, Alexey Yablokov, adaulula kuti sitima za Soviet Union zidakhala zikunama kwa zaka zambiri. Anamgumi pafupifupi 180,000 adaphedwa osalembedwa, ndipo masamu ambiri akale adayenera kubwerezedwa.

Pofika nthawi imeneyo zinthu zidali zitaipa kale. Anamgumi a blue a ku Antarctica, amene akuganiziridwa kuti adalipo 239,000 ulenje usanayambe, adatsala pafupifupi 360 pofika 1973. Mu 1979 dziko la Seychelles lidapempha kuti nyanja ya Indian ikhale malo otetezedwa, ndipo zidatheka. Mu 1982 IWC idagwirizana zoimitsa ulenje wa malonda, lamulo limene lidayamba kugwira ntchito mokwanira mu 1986. Tsono mitembo yoyeza itasowa, asayansi adayenera kuphunzira kuwerenga amoyo.

Chithunzi cha mchira

Apa ndiye pagona yankho la alamu anga. Kunsi kwa mchira wa namgumi wa linunda kuli mawanga oyera ndi akuda, ndipo m'mphepete mwake ndi mokumbikakumbika ngati mano a sowo. Pamwamba pa izi pamabwera zipsera za moyo wake: apa adalumidwa ali mwana ndi orca, namgumi wa mano amene amadya anzake, apo chingwe cha asodzi chidamucheka. Palibe michira iwiri yofanana. Namgumi akamamira mozama amatukula mchirawo m'mwamba kwa masekondi awiri kapena atatu, ndipo wofufuza ali m'boti, kamera ili kumaso, amakhala akudikira kanthawi komweko. Boti likuvina ndi mafunde, dzuwa likuthobwa m'maso, namgumi watembenukira kwina: zithunzi zambiri zimatayidwa.

Mlendo akafika pa khola la ng'ombe ku Mzimba amangoona ng'ombe. Mnyamata woweta amaona iyi ya nyanga yopindika, iyo ya banga pamphumi, ndipo ikasowa imodzi amadziwa asanawerenge n'komwe. Asayansi adangochita zimene woweta aliyense amachita, n'kuzisunga pa chithunzi chokhala ndi tsiku ndi malo.

Njirayi idakhazikika m'zaka za m'ma 1970. Mu 1971 Roger Payne adayamba kujambula anamgumi otchedwa southern right ku Argentina. Iwowa amadziwika ndi zigamba za khungu lokakala pamutu, zooneka zoyera chifukwa cha tinsabwe ta m'nyanja tokhala pamenepo, ndipo aliyense ali ndi kakhalidwe kake ka zigambazo. Ku Canada, Michael Bigg adachita chimodzimodzi ndi ma orca poyang'ana chipsepse cha pamsana, n'kupeza kuti adalipo mazana ochepa chabe, osati ochuluka monga anthu ankaganizira. Ku America, Steven Katona ndi anzake adayamba kusonkhanitsa zithunzi za michira ya a linunda. Masiku amenewo munthu ankakhala pa tebulo ndi chithunzi chimodzi m'manja, n'kumachifananiza ndi mazana a zinzake chimodzichimodzi.

Lero ntchito yotopetsayo imagwiridwa ndi kompyuta. Mu 2015 Ted Cheeseman adayambitsa Happywhale, tsamba la pa intaneti limene wofufuza kapena mlendo wongodzaona malo amatha kuikapo chithunzi cha mchira. Kompyuta imachifananiza ndi zina zonse, ngati mmene makina a chitupa cha unzika amafananizira zidindo za zala, kenako munthu amayang'ana ndi maso kutsimikiza. Umu ndi momwe mchira wa ku Fumba udakumanirana ndi wa ku Colombia.

Koma tisapitirize malire. Zithunzizo zikungotsimikiza kuti namgumiyo adali uko tsiku lakuti, adali kuno tsiku lakuti. Njira imene adadzera, ndi kumene adali zaka zisanu za pakatipo, chithunzi sichinena.

Masamu a kabaza

Kuzindikira mmodzi ndi nkhani ina, kudziwa kuti onse alipo angati ndi inanso. Tiyerekeze kuti mukufuna kudziwa chiwerengero cha njinga za kabaza mu Mzuzu, zija ena amazitchabe sakaramento, koma kaundula palibe. Lolemba muima pa Katoto n'kujambula njinga 100 zosiyanasiyana. Lachinayi mubweranso n'kujambula zina 100. Pofananiza mupeza kuti 20 mwa za Lachinayi mudaziona kale Lolemba. Ndiye kuti zimene mudajambula Lolemba ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a njinga zonse, ndipo 100 kuchulukitsa kasanu ndi 500. Simudazione zonse 500, koma mwazipeza.

Masamu amenewa si achilendo. Amatchulidwa ndi maina a Petersen wa ku Denmark, amene ankaika zizindikiro pa nsomba m'zaka za m'ma 1890, ndi Lincoln wa ku America amene adawagwiritsa ntchito pa abakha am'tchire mu 1930. Kwa anamgumi, chithunzi cha mchira ndicho chizindikiro, ndipo Lolemba ndi Lachinayi ndi chaka chino ndi chaka chamawa.

Tsono taonani pamene masamuwa amaterereka. Pali anyamata a ku Luwinga amene pa Katoto safikapo. Amenewo simudzawajambula, ndipo m'chiwerengero chanu mulibe. Pali mdala amene siteji yake ndi pa Katoto pomwepo tsiku ndi tsiku. Mudzamujambula kawiri konse, obwereza achuluka, chiwerengero chanu chitsika kuposa choona. Pakati pa masiku awiriwo wina wagulitsa njinga, wina wagula yatsopano, wina wapentanso yake moti simungaizindikire. Kunyanja zonsezi zimachitika. Pali anamgumi osakonda kutukula mchira, makamaka aakazi amene ali ndi mwana m'madzi osaya. Pali oyandikira maboti ndi othawa. Mawanga a ana amasintha akamakula.

N'chifukwa chake wofufuza wodziwa ntchito sanena kuti "alipo 500" basi. Amati "pafupifupi 500, ndipo choona chili pakati pa 400 ndi 650". Nambala ziwiri zotsirizazo n'zimene zimagwa nkhani ikamafika pa wailesi kapena pa Facebook, ndipo kwa ine ndizo zofunika kwambiri. Zimasiyanitsa nambala yolimba ndi yongoyandikira. Anamgumi a North Atlantic right, a kugombe la America ndi Canada, adali pafupifupi 370 mu 2023, ndipo poti ndi ochepa chonchi pafupifupi aliyense ali m'kaundula wa zithunzi wosungidwa ndi New England Aquarium ku Boston. Nambala imeneyo ndi yolimba. Pamene a linunda a ku Brazil, amene akuti adachoka pa 450 m'zaka za m'ma 1950 kufika pafupifupi 25,000, adawerengedwa ndi masamu ophatikiza kalembera wa pa sitima ndi mbiri ya ulenje, ndipo malire ake ndi otakasuka.

Kuwerenga uli pa chulu, kuwerenga uli m'mwamba

Pamene anamgumi amadutsa kufupi ndi mtunda, munthu atha kungokwera pamalo okwera n'kumawerenga. Ku Cape Vidal, kumpoto kwa KwaZulu-Natal, Ken Findlay ndi Peter Best adayamba zimenezi mu 1988. Owerenga amakhala pa nsanja pamwamba pa milu ya mchenga, ali ndi chipangizo chonga cha oyeza misewu chija, n'kumalemba gulu lililonse lodutsa, liwiro lake ndi kutalika kwake kuchokera kumtunda. Odutsa usiku ndi odutsa kutali amawonjezeredwa ndi masamu. Kalembera ameneyu adaonetsa kuti pakati pa 1988 ndi 2002 a linunda a gulu lathu lino ankachuluka ndi maperesenti pafupifupi 10 pachaka.

Achibale athu amene ali ku Joni chakumunsi, ku Cape Town ndi Hermanus, amatitumizira mavidiyo a anamgumi akudumpha pafupi ndi miyala. Amenewo kawirikawiri amakhala a southern right. Ku Hermanus kuli mpaka munthu wolembedwa ntchito yoliza lipenga anamgumi akaoneka. Kumeneko Peter Best adayamba kuwawerenga pa ndege mu 1969, ndipo kuyambira 1979 chaka chilichonse helikoputa imauluka kutsata gombe, kujambula mutu wa namgumi aliyense wamkazi amene ali ndi mwana. Ntchitoyi ili m'manja mwa Whale Unit ya yunivesite ya Pretoria, ndipo ndi imodzi mwa kafukufuku wa anamgumi wokhalitsa kwambiri padziko lonse.

Ubwino wokhalitsa uwu: mu 2016 adapeza aakazi okhala ndi ana 55 okha, mu 2018 adapeza 536. Wowerenga chaka chimodzi chokha akadalengeza maliro, wina akadalengeza chikondwerero, onse akadalakwa. Alamu anga sangaweruze msika ndi malonda a tsiku la mvula pakati pa mwezi, kapena a Loweruka la malipiro. Chimene zithunzi za zaka makumi anayi zidaonetsa n'chakuti aakazi amene ankabereka zaka zitatu zilizonse ayamba kutalikitsa kufika zinayi kapena zisanu, ndipo amafika kugombe ali owonda kuposa amayi awo a m'zaka za m'ma 1980.

Kutali ndi gombe amagwiritsa sitima zoyenda m'mizere yojambuliratu, owerenga ali pamwamba, ndipo kuyambira 2014 ena ayesa kuwerenga anamgumi pa zithunzi za setilaiti.

Kumene maso safika, makutu amafika

Pansi pa nyanja kuwala kumathera pafupi, koma mawu amathamanga mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, kuposa kanayi liwiro lake mumpweya. Moyo wa namgumi uli m'makutu. Ofufuza amamiza maikolofoni a m'madzi n'kuwasiya miyezi, akujambula usana ndi usiku, kuli mphepo kapena kuli bata.

Nkhaniyi idayamba mwangozi. Frank Watlington, injiniya amene ankamvetsera sitima zankhondo za pansi pa madzi ku Bermuda, adajambula kulira kwachilendo. Roger Payne ndi Scott McVay ataunika matepiwo adapeza kuti kulirako kuli ndi ndime zobwerezabwereza m'ndondomeko yake, ndipo mu 1971 adalengeza kuti a linunda amaimba nyimbo. Oimba ndi aamuna okha. Nyimbo imodzi imatha mphindi 10 kapena 20, n'kuibwereza kwa maola. Aamuna onse a dera limodzi amaimba nyimbo yofanana, ndipo imasintha pang'onopang'ono chaka ndi chaka.

Nthawi zina imasintha yonse kamodzi. Michael Noad adapeza kuti mu 1996 anamgumi awiri okha mwa 82 a kum'mawa kwa Australia ankaimba nyimbo yachilendo, ya anzawo a kumadzulo kwa dzikolo. Pofika 1998 onse adali atasiya yawo n'kutenga yachilendoyo. Amene adaonapo kwaya imodzi ikubwera ndi kaimbidwe katsopano pa msonkhano wa mpingo, chaka chotsatira makwaya onse a m'chigawo akuimba chimodzimodzi, sangadabwe kwenikweni.

Makutu apezanso magulu amene maso adawaphonya. Mu 2020 Salvatore Cerchio ndi anzake adalengeza nyimbo ya anamgumi a blue imene idali isanadziwike, yojambulidwa ku Oman, ku zilumba za Chagos ndi ku Madagascar. Mu 2021 gulu lina la blue lidadziwika kudzera m'maikolofoni oikidwa kufupi ndi chilumba cha Diego Garcia, m'nyanja ya Indian, kuti azimvetsera ngati dziko lina likuyesa mabomba a nyukiliya. Vuto la makutu n'lakuti kumva si kuwerenga. Ukamva ng'oma usiku kutsidya la dambo umadziwa kuti kuli gule, koma anthu alipo angati sungadziwe, ndipo osaimba, aakazi ndi ana, samveka m'nyimbo.

Muvi, mamina ndi setilaiti

Zina tingozitchula mwachangu. Ofufuza amalasa namgumi ndi muvi wa nsonga ya chubu, umene umabudula kachikopa ndi kamafuta kochepa ngati kansonga ka pensulo n'kugwera m'madzi. M'kachiduswako amadziwiramo ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi, abale ake, zimene wakhala akudya, ngakhale ngati ali ndi bere. Ena amaulutsa droni kudutsa m'chiutsi cha mpweya wake kuti itole mamina, kapena kumujambula kuchokera pamwamba kuti ayeze kunenepa, ngati sikelo ya ana kuchipatala. Palinso tizipangizo tobayidwa pa khungu totumiza uthenga ku setilaiti namgumi akavuuka. Timeneti ndi timene timaonetsa njira yeniyeni, koma timagwa pakatha masabata kapena miyezi ingapo, ndi todula, ndipo asayansi okhaokha amatsutsana ngati bala lake n'loyenera phindu lake.

Nambalazi zimathera kuti?

Zimathera pa zisankho zokhudza ndalama ndi chakudya cha anthu, n'chifukwa chake pali mikangano. Kaundula wa zithunzi adaonetsa kuti oposa 80 pa 100 aliwonse a North Atlantic right adakodwapo m'zingwe za asodzi, ndipo ena amagundidwa ndi sitima. Potsatira izi Canada idasuntha njira ya sitima ku Bay of Fundy mu 2003, ndipo America idaika malire a liwiro m'madera ena mu 2008. Oteteza nyama amati malamulowa ndi osakwanira. Asodzi ndi eni sitima amati akuwalowetsa m'thumba. Ku South Africa, mu 2021 ndi 2022, khothi la ku Makhanda lidaimitsa kafukufuku wa kampani ya Shell wofufuza mafuta ndi gasi kugombe la Wild Coast, amene amagwiritsa kuphulika kwa mpweya pansi pa madzi. Odandaula adatchula za zamoyo za m'nyanja ndi kusafunsidwa kwa anthu a m'midzi, pamene mbali inayo idatchula za ntchito ndi mphamvu zimene dziko likusowa.

Ulenje nawo sudathe. Norway ndi Iceland adakana kumangidwa ndi lamulo la 1982. Japan idapitiriza kupha anamgumi ku Antarctica ponena kuti ndi kafukufuku, ndipo pa 31 Marichi 2014 khothi la dziko lonse ku The Hague lidagamula, pa mlandu umene Australia idasuma, kuti pulogalamuyo sidali ya sayansi. Mu 2019 Japan idatuluka mu IWC n'kuyambiranso ulenje wa malonda m'madzi ake. Maiko amenewa amati mitundu ina, monga minke, ilipo yambiri ndipo atha kuikolola mosamala ngati nsomba ina iliyonse. Otsutsa amati mbiri ya zaka 100 zapitazo ndi kukula kwa malire a ziwerengero sizilola chidaliro chotero. Mbali zonse ziwiri zimagwira nambala zomwezo. IWC imalolabe anthu a ku Alaska, Greenland, Chukotka ku Russia ndi chilumba cha Bequia ku Caribbean kupha owerengeka a chakudya cha pamudzi.

Mafunso amene akadali pa tebulo la asayansi

Chikuwondetsa aakazi a southern right n'chiyani? Ambiri akuloza kusintha kwa madzi oundana ndi krill kum'mwera, koma gawo la kutentha kwa nyanja, la usodzi wa krill, ndi la kupikisana ndi anamgumi ena amene achuluka silidalekanitsidwe bwino.

Gulu likamachira, malire ake ndi pati? Kuti unene kuti abwerera mwakale uyenera kudziwa kuti kale adalipo angati, ndipo nambala ya kaleyo imachokera m'mabuku a alenje, ena mwa iwo onama. Anamgumi a gray a kugombe la California adaoneka ngati achira, atafika pafupifupi 27,000 mu 2016, koma pofika 2023 adatsika kufika pafupifupi 14,500.

Nyimbo ija ndi ya chiyani, yokopa aakazi kapena yoyezana mphamvu aamuna okhaokha? Phokoso la sitima ndi la ofufuza gasi, monga kumpoto kwa Mozambique, limangowasuntha kwa masiku kapena limachepetsa ana obadwa pakapita zaka? Nanga a linunda a ku Oman, osakwana 100, amene sapita ku Antarctica konse, angapirire mpaka liti? N'chifukwa chiyani kuyambira 2011 a linunda ayamba kusonkhana m'magulu ofika 200 kumadzulo kwa South Africa, nthawi imene amayenera kukhala pa ulendo wa kum'mwera?

Palinso funso la amene akujambula. Gombe la Mozambique, Tanzania ndi Kenya lili ndi makamera ochepa poyerekeza ndi la America kapena Australia, ndiye ulendo wooneka wachilendo utha kukhala wachilendodi, kapena wachizolowezi umene padalibe woujambula.

Nditawafotokozera alamu anga za mawanga a mchira, adagwedeza mutu akupima usipa m'mbale, n'kufunsa lina: "Chabwino, ndi yemweyo. Nanga ku Zanzibar ankakasaka chiyani?" Olemba kafukufukuyo adatchula zingapo: kusaka akazi, kusintha kwa chakudya ndi nyengo, kuchuluka kwa aamuna anzake kwawo. Sadasankhepo chimodzi.